Kuonerera Ntchito M'chipatala cha Mano Musanayambe Maphunziro, Ndiponso Mmene Mungaunikire Mkangano wa Holistic Dentistry

Masukulu ophunzitsa udokotala wa mano sakhutira ndi magiredi apamwamba okha. Amafunanso umboni wakuti wofunsira malo anakhalapo m'chipatala cha mano, anaona ntchitoyo ndi maso ake, ndipo akudziwa kuti moyo wake wonse adzakhala atawerama pakamwa pa anthu amene ambiri a iwo amabwera ali ndi mantha kapena akumva kupweteka. Ku America masukulu ambiri amatchula chiwerengero cha maola amene muyenera kuonerera dokotala akugwira ntchito, ndipo ena amafuna maola okwana 100. Ku Britain chidwi chimakhala kwambiri pa zimene mungafotokoze pa intavyu kuti munaphunzirapo. Choncho musanapemphe malo kulikonse, werengani zimene sukulu iliyonse imene mukuifuna imayembekezera, chifukwa zimasiyana.

Poyambira pabwino ndi kwa dokotala amene amakuonani mano inuyo, popeza amakudziwani kale. Akakana kapena ngati mulibe, lembani kalata yaifupi yopita kuzipatala zingapo, yonena kuti ndinu ndani, mukuphunzira chiyani, mukufuna kubwera masiku ati, ndiponso kuti mukudziwa kuti mudzangoonerera osagwira wodwala. Ambiri sadzayankha, ndipo ena adzakana chifukwa cha malamulo osunga chinsinsi cha odwala, nkhani za inshulansi, kapena msinkhu wanu. Zimenezo zisakufooketseni. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri imbani foni mwaulemu, ndipo muzilemekeza kwambiri amene amalandira alendo, pakuti nthawi zambiri ndi iwowo amene amafikitsa pempho lanu kwa dokotala kapena kuliiwala. Fufuzaninso msanga za katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, amene zipatala zambiri zimafuna, chifukwa mwa dongosolo lofala amabayidwa katatu m'miyezi isanu ndi umodzi.

Ngati n'kotheka, musathere nthawi yanu yonse pamalo amodzi. Chipatala cha dokotala wodziyimira payekha, chipatala cha boma kapena chothandiza osauka, dipatimenti yochita maopaleshoni a nsagwada, ngakhalenso labotale yopanga mano oikirira, zonsezi zimaonetsa mbali zosiyana za ntchito imodzi. Komabe maola ambiri akhale kwa dokotala wothandiza mavuto onse a mano, popeza ndi ntchito imene omaliza maphunziro ambiri amayamba nayo.

Pa tsiku loyamba fikani mutadya, chifukwa si zachilendo kuti woonerera achite chizungulire n'kugwa ataona magazi pozula dzino; mukamva kuti mutu ukupepuka, tulukani mwakachetechete n'kukakhala pansi. Valani nsapato zotseka, wengani zikhadabo, mangani tsitsi ngati n'lalitali, ndipo foni ikhale m'chikwama. Wodwala aliyense ali ndi ufulu wokana kuti mukhale m'chipindamo, ndipo akakana tulukani popanda kuonetsa kukhumudwa. Musajambule chilichonse, musatchule dzina la wodwala kunja kwa chipatala, ndipo mafunso muziwasunga kufikira wodwala atatuluka. Chofunika koposa n'chakuti musalole kugwira ntchito imene simunaiphunzire, ngakhale dokotala wina atakupatsani mpata mokoma mtima. Bungwe la masukulu a udokotala wa mano ku America linachenjezapo ophunzira amene amapita m'mayiko osauka kukathandiza n'kumakazula mano asanaphunzire, ndipo amene amanyadira zimenezi pofunsira malo amangosonyeza kuti sadziwa malire awo.

Nanga muziyang'ana chiyani? Ambiri amangoyang'anitsitsa zida ndi manja a dokotala, koma luso la manja mudzaliphunzira kusukulu. Chimene chili chovuta kuchipeza kwina ndicho kuona mmene dokotala amasankhira chochita. Mvetserani mmene amafunsira za matenda ena ndi mankhwala amene wodwala akumwa, mmene amaonetsera chithunzi cha ekisireyi pofotokoza vuto, zimene amanena kwa munthu amene alibe ndalama zokwanira thandizo labwino koposa, ndiponso mmene amatonthozera mwana amene watseka pakamwa chifukwa choopa jakisoni wochititsa dzanzi. Funsani chifukwa chake dzino lina analimata pamene lina lofanana nalo analizula. Onaninso mmene zida zimatsukidwira ndi kuphikidwa mu makina ophera tizilombo, ndi mmene namwino amaperekera chida asanapemphedwe. Madzulo aliwonse lembani m'kope tsiku, maola, dzina la dokotala, ndi chinthu chimodzi chimene chinakudabwitsani kapena kukusowetsani mtendere, popanda kanthu kodziwikitsa wodwala.

Chizolowezi chofunsa chifukwa chake chimenechi chidzakuthandizani kwambiri mukadzakumana ndi zipatala zodzitcha za holistic dentistry, zina zimati biological dentistry. Imeneyi si nthambi yovomerezeka ya ukatswiri ngati mmene zilili ndi kuwongola mano kapena maopaleshoni a nsagwada. Ndi dzina limene dokotala wa laisensi yofanana ndi ya anzake amasankha kuti afotokoze kaganizidwe kake. Maziko ake, akuti pakamwa ndi mbali ya thupi lonse, palibe dokotala wanzeru amene angawatsutse. N'zodziwika kuti matenda a shuga ndi matenda a nkhama amakulitsana, kuti mankhwala ambiri amaumitsa malovu n'kuchititsa mano kubowoka, ndiponso kuti fodya ndi shuga wambiri m'zakudya zimawononga mkamwa. Dokotala amene amapatula nthawi yokambirana zimenezi akuchita bwino, kaya akudzitcha dzina lanji. Mkangano uli pa mfundo zina zimene zimabwera pansi pa dzinalo, ndipo n'kulakwa kuzivomereza kapena kuzikana zonse pamodzi, pakuti umboni wake suli wofanana.

Nkhani ya amalgam, chomatira mano chooneka ngati siliva, ndi imene ili ndi mbali ziwiri zenizeni. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene ndi poizoni, ndipo chimatulutsa nthunzi yochepa kwambiri ya mercury munthu akamatafuna. Pangano la Minamata la 2013, limene mayiko anagwirizana pa nkhani ya mercury, linalamula mayiko kuchepetsa kugwiritsa ntchito amalgam, makamaka pofuna kuteteza chilengedwe, ndipo mayiko a European Union analetsa kumata nayo kuyambira January 2025 kupatula ngati dokotala waona kuti palibe njira ina. Mu 2020 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalangiza kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana aang'ono, ndi odwala impso kapena matenda a mitsempha apewe kumatidwa nayo ngati pali china choyenera. Koma bungwe lomwelo linanena kuti amalgam imene ili kale m'dzino ndipo ili bwino isachotsedwe, chifukwa kuichotsa kumadya mbali ya dzino labwino komanso kumatulutsa nthunzi yochuluka pa nthawiyo. Apa ndiye pagona nkhani. Kusankha chomatira choyera pa dzino lobowoka kumene n'kwanzeru, koma kuuza munthu wodwala matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis kuti achira akachotsa zomatira zake zonse ndi lonjezo lopanda umboni. Hal Huggins, dokotala wa ku Colorado amene anafalitsa kwambiri chiphunzitso chimenechi, analandidwa laisensi mu 1996.

Pa fluoride, mchere umene umathiridwa m'madzi akumwa ndi m'mankhwala otsukira mano pofuna kulimbitsa mano, kumbukirani kuti kuchuluka kwake ndiko kumasiyanitsa phindu ndi vuto. Mzinda wa Grand Rapids ku Michigan unayamba kuthira fluoride m'madzi akumwa mu 1945, ndipo muyezo umene boma la America linalangiza mu 2015 ndi mamiligalamu 0.7 pa lita. Lipoti la 2024 la National Toxicology Program, nthambi ya boma la America yofufuza za poizoni, linapeza kugwirizana pakati pa nzeru zotsikirapo mwa ana ndi madzi a fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, umenenso ndi malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo kuwunika kwa chaka chomwecho kwa Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, kunasonyeza kuti phindu la kuthira fluoride m'madzi lachepa poyerekeza ndi kale, popeza anthu ambiri tsopano amatsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Choncho za madzi akumwa anthu angakambirane moona mtima. Koma umboni wakuti mankhwala otsukira mano a fluoride amateteza mano kubowoka ndi wamphamvu kwambiri, ndipo dokotala amene amalangiza makolo kuti awasiye akuika mano a ana pangozi.

Mfundo yofooka koposa ndi yakuti root canal, thandizo lochotsa mtsempha wovunda mkati mwa dzino kuti dzinolo lisazulidwe, imayambitsa khansa ndi matenda a mtima. Inachokera ku kafukufuku wa dokotala wa mano Weston Price wa zaka za m'ma 1910 ndi 1920, amene ankaika mano ozulidwa pansi pa khungu la akalulu. Nthawi imeneyo anthu ambirimbiri anazulidwa mano abwino pokhulupirira kuti ndiwo gwero la nyamakazi ndi matenda ena, mpaka ofufuza a pambuyo pake anaona kuti njira za Price sizinali zodalirika. Munthu wozulidwa dzino limene likanapulumuka amatsala ndi mpata umene udzafune ndalama zambiri kuti autseke.

Kodi n'koyenera kukaonerera ntchito m'chipatala chotere? N'kotheka, bola chisakhale chipatala chokhacho chimene mwapitako, ndipo ndi bwino kuyamba mwaona kaye mmene madokotala ena amachitira kuti mukhale ndi choyerekezera. Muli kumeneko ndinu mlendo, choncho musatsutsane ndi dokotala pamaso pa wodwala. Mukapeza mpata funsani mwaulemu kuti njira inayake ili ndi umboni wotani, kenako kafufuzeni nokha ngati umboniwo ndi kafukufuku woyerekeza magulu a odwala kapena ndi nkhani chabe za anthu amene anati anapeza bwino. Onetsetsani ngati wodwala akuuzidwa njira zonse, kuphatikizapo imene dokotalayo saikonda, ngati akuopsezedwa kuti avomere thandizo lokwera mtengo, ndiponso ngati chipatalacho chikugulitsa chokha mavitamini kapena mankhwala oti n'ngochotsa poizoni m'thupi.

Pa intavyu angakufunseni zimene mungachite wodwala atapempha kuti mumuchotse amalgam yonse ngakhale ilibe vuto. Yankho labwino limayamba ndi kumvetsera chimene chikumudetsa nkhawa, kenako kumufotokozera zimene umboni ukusonyeza ndi kuopsa kwa kuchotsako, ndipo ngati ali ndi zizindikiro zina za matenda, kumutumiza kwa dokotala wa thupi lonse kuti akapimidwe. Pomaliza nthawi yanu pachipatala chilichonse, pemphani dokotala kuti asayine maola amene mwalemba, mutumizireni kalata yothokoza, ndipo ngati anakudziwani mokwanira, mufunseni nthawi ikadalipo ngati angadzakulembereni kalata yokuchitirani umboni kusukulu.