Momwe mungakonzere malo a anthu onse m'dera lanu kuti asabwererenso mwakale

Pafupifupi dera lililonse lili ndi malo amene anthu amadutsa atagwira mphuno. Mwina ndi bwalo lomwe ana ankaseweramo mpira koma tsopano ndi dzala, mwina ndi ngalande yotsekeka ndi mapepala apulasitiki, kapena gombe la mtsinje lomwe likungogumuka chaka ndi chaka. Aliyense amadandaula, aliyense amadikira kuti ena adzakonza. Anthu akatopa nazo amagwirizana kusesa tsiku limodzi, malo amawala, zithunzi zimajambulidwa, koma pakapita miyezi itatu zinyalala zija zabwerera. Ine chimene chimandipweteka ndi chimenecho, chifukwa anthu akagwira ntchito yotopetsa n'kuiona ikufafanizika, ulendo wachiwiri sabweranso. Njira zili m'munsimu n'zoti malo akakonzedwa, akhalebe okonzeka.

Choyamba, sankhani malo amodzi, ang'ono

Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gulu latsopano likafuna kukonza msika, mtsinje, bwalo ndi msewu nthawi imodzi, limathera m'misonkhano. Sankhani malo amene mungawayende m'mbali mwake pa mphindi khumi, ndipo akhale oti anthu ambiri amadutsapo tsiku ndi tsiku, kuti kusintha kukachitika kuoneke.

Mukasankha, musathamangire makasu. Pitani pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo, kwa masiku angapo, mungoona. Zinyalala zikuchokera kuti? Akutaya ndani, nthawi yanji, ndipo chifukwa chiyani akutaya pamenepo? Nthawi zambiri mudzapeza kuti si nkhanza ayi, anthuwo alibe kwina kotaya. Mvula ikagwa, onani kumene madzi akulowera ndi kumene akuima. Jambulani zithunzi pa foni mutaima pamalo amodzi odziwika, kuti mudzajambulenso pomwepo ntchito ikadzatha. Zithunzi zimenezi zidzakuthandizani pokapempha thandizo kuposa mawu alionse.

Chachiwiri, dziwani mwini malo

Malo ooneka ngati opanda mwini amakhala ndi mwini. Akhoza kukhala a khonsolo, a sukulu, a mpingo, a banja lina, kapena osungidwira msewu ndi mapaipi. Fufuzani, pitani kwa amene ali ndi ulamuliro, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa ngakhale ndi kalata ya mizere isanu. Funsaninso ngati pansi pali mapaipi a madzi kapena nthambo za magetsi musanakumbe dzenje lililonse.

Kudziwa zimenezi kumateteza ntchito yanu m'tsogolo, chifukwa malo akakongola ndi pamene ena amayamba kuwasirira. Mu 1989 ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kunali mapulani omanga nyumba yosanjikiza ka 60 mu Uhuru Park. Wangari Maathai, mayi wa ku Kenya womenyera zachilengedwe, analemba makalata, anapita kukhoti, ananyozedwa pagulu, koma nyumbayo sinamangidwe ndipo pakiyo ilipo mpaka lero. Anthu amene akudziwa kuti malo ndi a onse, ndipo ali ndi mapepala m'manja, savuta kuimirira.

Chachitatu, itanani amene amagwiritsa ntchito malowo

Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya. Amaitana anzawo oganiza mofanana, n'kusiya mayi amene amagulitsa malonda pambali pa bwalolo, anyamata amene amatsuka galimoto pamtsinje, ndi mabanja amene amataya zinyalala pamenepo. Anthu amenewa ndiwo ali pamalopo tsiku lonse. Akakhala mbali ya ntchito, iwo ndiwo alonda. Akasiyidwa kunja, amaona ngati mwabwera kudzawathamangitsa.

Msonkhano woyamba uchitikire pamalo pomwepo, anthu akuona vutolo ndi maso. Funso likhale lakuti, "Malo ano tikufuna akhale a chiyani?" osati "Tisese liti?" Malo opanda ntchito amasanduka dzala. Malo amene ana akuseweramo, okalamba akupumulapo pamthunzi, kapena pali dimba la anthu onse, munthu amachita manyazi kukhuthulapo ndowa ya zinyalala.

Pali mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, amene anathera zaka zambiri akufufuza momwe anthu wamba amasamalira nkhalango, msipu ndi ngalande zothirira m'maiko monga Nepal, Spain, Japan ndi Switzerland. Mu 2009 analandira mphotho ya Nobel pa zachuma, mayi woyamba kuilandira. Anapeza kuti chuma cha anthu onse chimasungika kwa zaka mazana ngati malire ake ndi odziwika, ngati malamulo apangidwa ndi eni ake ogwiritsa ntchito, ngati pali oyang'anira ochokera pakati pawo, ndiponso ngati chilango chimayamba chochepa n'kumakula pokhapokha munthu akabwereza. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuigwiritsa ntchito. Wotaya zinyalala koyamba mulankhule naye mwaulemu, kachiwiri akatole yekha, kachitatu ndiye nkhani ipite kwa akuluakulu. Lamulo loopsa kwambiri palibe amene amalimba mtima kuligwiritsa ntchito pa mnansi wake, choncho limangofera papepala.

Komiti ikhale yaing'ono. Wapampando, mlembi, msungichuma ndi ena awiri kapena atatu akwanira, bola mukhale amayi, abambo ndi achinyamata.

Chachinayi, werengani zimene muli nazo kale

Musanalembe kalata yopempha ndalama, lembani zimene zili m'manyumba mwanu. Wina ali ndi wilibala, wina fosholo, wina khasu ndi chikwanje. Pali kalipentala amene angakhome benchi, mmisiri womanga amene akudziwa kupendeketsa ngalande kuti madzi aziyenda, mphunzitsi amene angabweretse ana a sukulu, wachinyamata wodziwa kujambula chikwangwani. Gulu la pa WhatsApp limakwanira kuitanirana ndi kukumbutsana. Mapu aulere a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap amalola aliyense kuikapo chizindikiro cha malo, ndipo ndi othandiza mukafuna kusonyeza akuluakulu pamene pali vuto.

Kenako yang'anani kwa alangizi a zankhalango, zaulimi ndi zaumoyo a m'dera lanu. Uphungu wawo ndi gawo la ntchito yawo, ndipo amadziwa mitengo imene imachita bwino m'nthaka yanu komanso kumene kuli nazale. Kwa khonsolo pemphani chinthu chimodzi chomveka: galimoto yodzanyamula zinyalala pa tsiku limene mwagwirizana. Eni mabizinesi oyandikana nanu savuta kupereka matumba, magolovesi kapena penti, makamaka mukapempha katundu osati ndalama.

Ndalama za mabungwe zibwere pambuyo. Mwachitsanzo, pali thumba la GEF Small Grants Programme, lomwe linayamba mu 1992 ndipo limayendetsedwa kudzera ku UNDP, nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, m'maiko oposa 100. Limapereka ndalama zothandizira ntchito zosamalira chilengedwe kwa magulu a m'madera ndi mabungwe omwe si aboma. Koma opereka thandizo otere amafuna gulu lolembetsedwa, lokhala ndi malamulo ake, akaunti ya ku banki ndi umboni wa ntchito imene lagwira kale. Kunena zoona, ndalama zikafika gulu lisanakhwime zimaligawanitsa. Choncho kuyambira tsiku loyamba khalani ndi kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, sungani malisiti, osayina ku banki akhale awiri kapena atatu, ndipo msungichuma aziwerenga kopelo poyera pa msonkhano uliwonse.

Chachisanu, tsiku loyeretsa

Ili ndi gawo losavuta. Ligwireni m'mawa, kwa maola atatu kapena anayi, anthu abwerere kwawo asanatope. Agaweni m'magulu, gulu lililonse ndi chigawo chake. Magalasi osweka, majakisoni ndi mabatire azitoledwa ndi akuluakulu ovala magolovesi, n'kuikidwa m'chitini kapena m'botolo lolimba lotsekeka. Ana asayandikire zimenezi. Pakhale madzi ndi sopo wosambira m'manja.

Sankhulani zinyalala pomwepo: zowola pazokha, zitsulo ndi mabotolo ogulitsika pazokha, zotsala zikwere galimoto. Mapulasitiki musaotche. Utsi wake uli ndi poizoni woononga mapapo, ndipo umalowa m'nyumba za anthu omwewo amene mukufuna kuwathandiza. Matayala ndi zitini musazisiye chagada, maenje osunga madzi muwakwirire, chifukwa udzudzu umachoka padzira kufika pouluka pa sabata imodzi kapena ziwiri zokha.

Ngati mukufuna tsiku lokopa anthu ambiri, pali 5 June, tsiku lokumbukira zachilengedwe padziko lonse, ndi 20 September, tsiku loyeretsa padziko lonse. Lachiwirili linachokera ku Estonia, kumene pa 3 May 2008 anthu pafupifupi 50,000 anatuluka tsiku limodzi kukatola zinyalala m'dziko lonse.

Chachisanu ndi chimodzi, dzazani malowo msanga

Malo oyera koma opanda kanthu sakhalitsa. Sabata yomweyo paoneke chinthu: benchi, magolo a mpira, miyala yopakidwa laimu yosonyeza njira, bini, chikwangwani chonena kuti malowa akusamalidwa ndi anthu a m'derali. Ndipo vuto munalipeza poyamba lija, lakuti anthu alibe kotaya, lithetsedwe tsopano. Kuletsa kutaya osapereka malo ena kumangosamutsira dzala kuseri kwa nyumba ya wina.

Zowola zija zisandutseni manyowa. Yalani zouma monga udzu ndi masamba, pamwamba pake zaziwisi, mwazani dothi pang'ono, bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Ukhale wonyowa koma osadontha madzi, ndipo muziutembenuza pa milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Pa miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi manyowa akuda onunkhira ngati dothi la m'nkhalango.

Za mitengo ndiyenera kunenapo zambiri, chifukwa apa ndi pamene thukuta lochuluka limatayika. Kubzala mitengo 500 pamwambo n'kupeza 20 yokha yamoyo chaka chotsatira si chachilendo. Bzalani mitengo imene mungathe kuithirira m'chilimwe, ngakhale ikhale 30 yokha. Kumbani maenje a masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya mvula isanayambe, sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa, ndipo bzalani mvula ikakhazikika. Chotsani chubu chapulasitiki, phimbirani tsinde ndi udzu wouma, tchingani kuopa mbuzi ndi ana othamanga. Bulugamu musamuike pafupi ndi chitsime kapena mtsinje poti amamwa madzi kwambiri, ndipo mitengo yaitali isakhale pansi pa nthambo za magetsi. Mtengo uliwonse ukhale ndi dzina la banja kapena kalasi louyang'anira kwa zaka ziwiri zoyambirira. Bungwe la Green Belt Movement, lomwe Maathai analiyambitsa mu 1977, linkapatsa amayi kangachepe chifukwa cha mbande zimene zapulumuka, osati zimene zangobzalidwa. Nzeru imeneyo ikugwirabe ntchito.

Musanagule mbande, yang'anani pansi. Ku Niger m'zaka za m'ma 1980, mlangizi wa ku Australia Tony Rinaudo anazindikira kuti zitsamba zimene alimi ankadula chaka ndi chaka zinali mphukira za zitsa za mitengo yamoyo. Alimi anayamba kusiya mphukira zochepa zamphamvu pachitsa chilichonse, n'kumadulira zinazo. Mitengo yotere imakula msanga chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo inafika kale pamadzi. Njira imeneyi yabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni m'dzikolo. Ngati pamalo anu pali zitsa zophukira, muli ndi nazale yaulere.

Pamene madzi akukokolola nthaka, bzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa chitunda, mapesi ake atalikirane masentimita 10 mpaka 15. Mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu, ndipo sufalikira m'minda ya anthu.

Chachisanu ndi chiwiri, ikani tsiku lokhazikika

Ku Rwanda anthu amagwira ntchito ya m'dera Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, yotchedwa Umuganda. Kumeneko ndi lamulo la boma, koma chimene gulu lililonse lingatengepo n'chakuti tsikulo silisintha, choncho palibe amene amafunsa kuti tikumana liti. Sankhani lanu, ola limodzi kapena awiri pamwezi, ndipo lichitike ngakhale mutabwera anthu asanu. Ntchito za pakati pa mwezi, monga kuthirira ndi kukhuthula bini, zilembedwe pandandanda wosinthana umene uli poonekera.

Yembekezerani kuti chiwerengero chidzatsika. Amene anabwera 80 tsiku loyamba adzatsala 12 mwezi wachitatu, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti ntchito yalephera. Thokozani anthu powatchula maina pamsonkhano, sinthanani maudindo chaka chilichonse kuti mtolo usatsamire munthu mmodzi, ndipo chowonongeka chikonzedwe msanga, benchi yothyoka isagone mwezi.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, bwererani pamene munaima pojambula zithunzi zoyamba, mujambulenso. Werengani mitengo yamoyo, bwezerani yakufa mvula ikubwerayo, lembani zonsezi patsamba limodzi pamodzi ndi ndalama zimene zinalowa ndi kutuluka. Kope limodzi lipite kwa eni malo, lina kwa aliyense amene anapereka kanthu, lina limatidwe pachikwangwani. Mukatero ndi pamene mungakambirane za malo achiwiri.