Momwe mungatetezere kamera ya pakhomo kuti anthu ena asamakusuzumireni

Makamera a WiFi achuluka kuno kwathu. Pa Chitakale, pa Luchenza mpaka ku Limbuli mumawapeza pa golosale ndi pa geti, ena ooneka ngati babu wamagetsi. Ambiri amatumiza ndi abale a ku Joni ofuna kumaona pa foni momwe ntchito yomanga ikuyendera, kapena ngati mayi adzuka bwino. Cholinga n'chabwino. Koma zithunzizo zimadutsa pa intaneti, ndipo aliyense amene ali ndi pasiwedi akhoza kuona zomwe mukuonazo, n'kumvanso zokambirana zanu.

Zinachitikapo kale. Mu 2014 kunadziwika tsamba la pa intaneti lotchedwa Insecam, lomwe linkaonetsa poyera makamera oposa 73,000 a m'maiko osiyanasiyana, chifukwa eni ake sanasinthe pasiwedi ya kufakitale. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi marauta (timakina togawa WiFi) ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi ngati admin ndi 12345. Dziko la Britain linafika poletsa mwalamulo, mu 2024, kugulitsa zipangizo zokhala ndi mapasiwedi osavuta chonchi. Za m'mashopu mwathu muno muyenera kudziteteza nokha.

Yambani ndi akaunti, chifukwa vuto lalikulu kwathu kuno lagona pamenepo. Nthawi zambiri mmisiri akabwera kudzapachika kamera, amatsegula akaunti ndi foni yake kuti ntchito ifulumire, kenako inu n'kungokulumikizani. Ndiye kuti mwini kamerayo ndi iyeyo, inu ndinu mlendo pakhomo panu pomwe. Sindikunena kuti amisiri ndi akuba, ambiri ndi anthu okhulupirika. Koma foni imabedwa, imagulitsidwa, imabwerekedwa. Muuzeni kuti achotse kamerayo pa akaunti yake inu mukuona, kenako tsegulani yanu ndi imelo kapena nambala yanu, n'kuilumikizanso. Akakana kapena kuyamba kuzengereza, dinani kabatani ka reset, kobwezera kamera mmene inachokera kufakitale, kwa masekondi angapo n'kuyambiranso. Makamera ena salola mpaka akaunti yakale itawamasula, choncho nkhaniyi muimalize musanapereke ndalama zomaliza.

Kachiwiri, sinthani mapasiwedi awiri: ya kamera ndi ya rauta kapena MiFi. Yolembedwa pa kapepala ka pansi pa rauta aliyense wolowa pabalaza akhoza kuijambula. Musaike chaka chobadwa, dzina la mwana kapena nambala ya foni. Lumikizani mawu anayi osagwirizana, monga nanazi, njinga, mtambo ndi chikho, muwonjezere manambala, n'kulemba m'kabuku kosungidwa bwino. Ngati pulogalamuyo imalola kutumiza nambala yotsimikizira pa foni polowa, yatsani zimenezo. Kumbukiraninso kuti mukadina reset, pasiwedi ya kufakitale imabwerera, ndiye muyenera kusinthanso.

Kenako tsegulani pomwe palembedwa Share kapena Shared devices, muone mayina a onse omwe akuona kamera yanu. Mlonda amene anasiya ntchito, mlamu amene munamupatsa pa nthawi ya maliro, chibwenzi chomwe chinatha: achotseni. Kachizindikiro ka QR komwe kali pa kamera musakatumize pa gulu la WhatsApp.

Tsopano za komwe kamera yaloza, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse. Kamera iyang'ane geti, khonde, khola ndi chitseko cha shopu. M'chipinda chogona, kubafa, ndi kumene ana amavalira, ayi. Palibe pasiwedi yomwe ndingaikhulupirire mpaka kuika kamera pamenepo. Imani pomwe pali kamerapo, mutsegule foni, muone ngati sikujambula bafa ya udzu ya aneba kapena zenera la alendi anu. Mtsikana wantchito ndi mlonda auzeni kuti pali kamera. Nawonso ndi anthu, ali ndi ulemu wawo. Ngati simufuna kumva mawu, thimitsani maikolofoni mu Settings.

Pulogalamu ikakuuzani kuti pali update, kutanthauza mtundu wake watsopano, lolani, ngakhale idye bandulo pang'ono, chifukwa ndi momwe opanga amatsekera mipata yomwe akuba apeza. Alendo opempha intaneti apatseni Guest WiFi ngati rauta yanu ili nayo, osati yomwe kamera ndi TV zalumikizidwako.

Kamera ikawonongeka, chotsani memori khadi musanapite nayo kokonzetsa. Mukamagulitsa, ichotseni pa akaunti yanu, fufutani khadiyo, dinani reset.

Mukaona kamera ikutembenuka yokha, kapena mwamva mawu achilendo akutuluka mmenemo, izuleni ku magetsi nthawi yomweyo, sinthani mapasiwedi onse, ndipo sungani zithunzi za zomwe mwaona. Kulowa m'chipangizo cha munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Kanenani ku polisi ya Mulanje kapena ya Thyolo, ndipo mukhozanso kudandaula ku bungwe la MACRA, lomwe lamulo la Data Protection Act la 2024 linalipatsa udindo woteteza zinsinsi za anthu.