Matchanelo Akasowa pa Dikoda Yakale, Musathamangire Kukwera Padenga

Madikoda osalipiritsa pamwezi aja, a Strong, Wiztech ndi Philibao, akadalipo m'nyumba zambiri ndipo ambiri akugwirabe ntchito. Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu, kapena mwana anaseweretsa rimoti, ndiye poyatsa kanema matchanelo onse abalalika, pangotsala mawu akuti No Signal. Eni nyumba ambiri akaona zimenezi amabwereka makwerero n'kuyamba kupotokola dishi. Apa m'pamene vuto laling'ono limakulira. Setilaiti imene dishiyo ikuloza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye mukangoisuntha pang'ono pokha mwaiphonya, ndipo kuipezanso popanda mita yoyezera siginolo ndi ntchito ya tsiku lonse.

Yambani muli pansi, rimoti ili m'manja. Lowani mu menyu, pamene palembedwa Installation kapena Antenna Setting, muone mizere iwiri: Strength ndi Quality. Wa Strength umangosonyeza kuti dikoda ikumvana ndi LNB, kachipangizo kamene kamakhala kumapeto kwa mkono wa dishi. Wa Quality ndiye umanena ngati setilaiti yagwidwadi. Strength ikakhala kuti palibiretu, kayikirani chingwe. Zimitsani kaye dikoda pakhoma, chifukwa m'chingwecho mumadutsa magetsi a mavolti 13 kapena 18 opita ku LNB, kenako masulani kachitsulo kokulungira ka kumbuyo kwa dikoda. Kawirikawiri mupeza kawaya kapakati kachita dzimbiri chifukwa cha madzi a mvula, kapena timawaya tosalala ta m'mphepete takhudzana ndi kapakatiko. Dulani pamene pawonongekapo, sendani bwino, mangani kachiwiri.

Strength ikakhalapo koma Quality ili pa ziro, ndipo kunalibe mphepo yamkuntho, nthawi zambiri ndiye kuti dikoda yaiwala manambala ake. Pa dishi yaing'ono yachitsulo, LNB Type ikhale pa Universal, manambala ake 9750 ndi 10600. LNB Power ikhale yoyatsa, 22K ikhale pa Auto. Ka 22K kameneka anthu amakanyozera, koma ndi kamene kamauza LNB kuti isinthire ku mafrikwensi a pamwamba pa 11700. Kakazimitsidwa matchanelo ena amabwera, ena ayi, inu n'kumaganiza kuti anatsekedwa. Ngati dishi ndi imodzi, DiSEqC, imene imasinthira dikoda pakati pa madishi angapo, muizimitse. A madishi akuluakulu a sefa aja, a C-band, nambala yanu ya LNB ndi 5150.

Kenako sankhani setilaiti. Madishi ambiri oonera zaulere kuno analozetsedwa pa madigiri 68.5 kum'mawa, pamene pali Intelsat 20. Setilaitiyi inaponyedwa m'mlengalenga mu 2012, choncho dikoda yopangidwa chisanafike chaka chimenecho siidziwa dzinali. Mu mndandanda wake muyang'ane Intelsat 7/10 kapena PAS 7/10. Malo ake ndi omwewo.

Posaka matchanelo pali msampha. Auto Scan imangoyendera mafrikwensi amene anasungidwa m'dikodamo ku fakitale, ndipo ambiri a iwo eni ake anasamukapo kalekale. Ngati dikoda yanu ili ndi Blind Scan, sankhani imeneyo, chifukwa imafufuza yokha chilichonse chimene chili m'mlengalenga lero. Imachedwa, ipatseni mpata. Muikenso pa FTA Only, kutanthauza matchanelo aulere okha, kuti isakudzazireni mazana a matchanelo okhomedwa, aja amakhala ndi chizindikiro cha dola pambali. Yopanda Blind Scan imafuna kuti mulembe nokha pa Add TP: frikwensi, symbol rate, ndi chilembo H kapena V. Manambalawa amapezeka pa tsamba la pa intaneti lotchedwa LyngSat, koma njira yachidule ndi kupita kwa neba amene dishi yake ikuloza komweko, mudine Info pa rimoti yake muli pa tchanelo chilichonse chimene mumachikonda, mukopere m'kope. Kopelo mulisunge pansi pa dikoda, lidzakuthandizaninso.

Factory Default ikhale yomalizira, osati yoyambira. Imafufuta zonse, ngakhale manambala a LNB amene anali bwinobwino. Ikafunsa nambala yachinsinsi, madikoda ambiri amatsekuka ndi 0000.

Pali madikoda ena amene amangoima pa chithunzi choyamba osapitirira, kapena mukasaka matchanelo n'kuzimitsa, mawa mupeza aiwalanso. Amenewa amafuna kuti pulogalamu yawo ya mkati ilembedwenso ndi kompyuta kudzera pa kabowo ka mano 9 kumbuyo, kolembedwa RS-232, pogwiritsa ntchito chingwe cha null modem ndi pulogalamu ya mtundu weniweniwo wa dikodayo. Ine ntchito iyi sindilangiza kuti muziyesera kunyumba. Fayilo ya dikoda ina, ngakhale ya kampani yomweyo, ikhoza kuipheratu, ndipo magetsi akazima ili mkati molemba, yathera pomwepo. Pitani nayo kwa amisiri, ndipo muwafunse ngati ali ndi batire kapena sola yoti ntchitoyo isadukize. Amene dikoda yanu ili ndi polowetsa fulashi muli ndi mwayi: matchanelo akabwerera, lowetsani fulashi imene inafomatidwa pa FAT32, mupeze Backup kapena Dump mu menyu, musunge mndandandawo tsiku lomwelo.

Pali zina zimene kusaka sikungabweze. SABC 1, 2 ndi 3 zinachoka pa madikoda amenewa mu 2013 pamene kampani ya Sentech ya ku South Africa inakhoma siginolo yake, ndiye munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akubwezereni pa Wiztech yakale, ndalama zanuzo gulirani ndiwo. Komanso mawailesi a kanema ambiri anasamukira ku njira zatsopano zoulutsira za DVB-S2 ndi MPEG-4, pamene madikoda akalewa amangomva DVB-S ndi MPEG-2. Chizindikiro chake n'chakuti tchanelo chikupezeka, mawu akumveka, koma chithunzi palibe, kapena neba akuchionera pamene kwa inu sichikutuluka n'komwe. Zikatero gulani dikoda yolembedwa DVB-S2 HD pabokosi. Dishi, LNB ndi chingwe ndi zomwe zija, mungomasula kumbuyo kwa yakale n'kumanga kwa yatsopano.