Masdevallia, duwa lofuna Chiperoni chaka chonse

Ndikauza abale kumudzi kuti ndimasamala ma orchid, iwo amathamangira ku chinaka. Salakwitsa, poti chinaka, chomwe anzathu a ku Zambia amati chikanda, chimachokera ku ma orchid ndithu. Koma anga sadyedwa. Ndi Masdevallia, ochokera m'nkhalango za nkhungu m'mapiri a Andes ku Colombia, Ecuador ndi Peru, kumene ambiri amamera pamtunda wa mamita oposa 2,000. Woyamba kundikopa anali Masdevallia veitchiana, uja wa maluwa ofiirira ngati lalanje lakupsa amene amamera pamiyala ku Machu Picchu, ku Peru.

Ngati munakhalapo ku Thyolo kapena ku Mulanje mu June, nyengo imene maluwawa amafuna mukuidziwa kale. Ndi Chiperoni: kazizira, kamvula kamawawa, kamphepo kosaleka. Ntchito yonse ndi yowapangira Chiperoni chawochawo pawindo la nyumba.

Chimene chimawapha kwambiri ndi kutentha. Masana akhale pa madigiri 15 mpaka 22, usiku atsike kufika 10 kapena 13. Zikapitirira 25 kwa masiku angapo, masamba amayamba kuyoyoka ali obiriwira. Ine ndinaphunzira mowawa mu July 2022, pamene Britain inatentha mpaka madigiri 40 kumwera ndipo ngakhale kuno ku Glasgow kunali thukuta. Ndinali kuntchito masiku awiri motsatizana, mawindo ndinatseka, ndipo pobwera ndinapeza miphika itatu yangotsala timitengo. Mtima unandipweteka kwambiri. Kuyambira pamenepo, kukalengezedwa kuti kutentha, ndimawatsitsira pansi m'bafa, pasimenti pozizira, ndi kuwayatsira fani.

Chinsinsi china chili pa mphika. Ndimagwiritsa ntchito miphika yadothi yosapaka utoto, ing'onoing'ono, pa chifukwa chomwe chija agogo ankasungira madzi akumwa mumtsuko: dothi likamatuluka thukuta, m'kati mumazizira. Mizu ikazizidwa, chomera chimapirira ngakhale mpweya utafunda pang'ono. Mumphikamo simulowa dothi la m'munda ayi. Ndimaika ndere za sphagnum zosakaniza ndi timakungwa tating'ono ta paini ndi timiyala toyera topepuka totchedwa perlite, osatsendera, kuti mpweya uzidutsa.

Za madzi ndiye muzimvetse bwino. Ma orchid ambiri ali ndi zotupa pansi pa masamba zosungira madzi, koma Masdevallia alibe. Sangadikire sabata ziwiri ngati Phalaenopsis, orchid wa m'sitolo uja. Pisani chala mu ndere: zikhale zonyowa ngati chinkhupule chofinya, zosauma gwa, komanso zosachucha. Kwa ine zimenezi ndi kuthirira kawiri pa sabata, katatu nthawi yotentha, ndipo nthawi zonse m'mawa kuti masamba aume kusanade. Madzi akagona pa mphukira yatsopano, imawola. Abwino ndi amvula. Kuno madzi a pampopi ndi ofewa, ochokera ku nyanja ya Loch Katrine, choncho amandichitira. Inu a ku London, madzi anu ali ndi laimu wambiri, tungani amvula. Nsonga za masamba zikayamba kuda, kawirikawiri ndi mchere waunjikana mumphika. Tsukuluzani ndi madzi ambiri.

Feteleza pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pabotolo, kamodzi pa sabata ziwiri.

Chinyezi chifike 70 peresenti kapena kuposa, koma chinyezi chopanda mphepo ndi matenda okhaokha. Kafani kakang'ono ka kompyuta kamazungulira usana ndi usiku pafupi ndi anga, kongogwedeza masamba pang'ono. M'nyengo yozizira samalani ndi hita, imaumitsa mpweya. Yanga ya m'chipinda chimenecho ndinaitseka kalekale. Dzuwa lolunjika salifuna. Windo loyang'ana kummawa limakwana.

Msuwani wawo, Dracula, amene katswiri Carlyle Luer anamupatula ku Masdevallia mu 1978, amafuna zomwezi koma mowirikiza. Mitundu yambiri imatulutsa maluwa cholozetsa pansi, ndiye mumabzala m'kadengu ka mabowo n'kupachika, apo ayi duwa limafera mumphika inu osaliona. Musayambire pa ameneyu.

Ndere zimawola n'kuwawasa pakatha chaka, choncho muzisintha chaka chilichonse, kukazizira, osati nthawi yotentha. Dulani mizu yakufa, ndipo musagawe chomera tizidutswa ting'onoting'ono. Gawo lililonse likhale ndi masamba osachepera asanu. Usiku muziyendera ndi tochi, poti nkhono imodzi imatha kumaliza mphukira ya duwa imene mwaidikira miyezi.

Pogula, funsani ngati anachita kumeretsedwa ku nazale. Ma orchid onse ali pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama pakati pa mayiko, ndipo kawirikawiri kuwawolotsa malire popanda chilolezo ndi mlandu. Poyambira sankhani wosakaniza mitundu monga Masdevallia Copper Angel, amene amapirirako kutentha kusiyana ndi a m'phiri enieni.