Musanatumize ndalama yogulira malo kumudzi ku Zomba, tamvani kaye izi

Abale anga muli ku Joni, ku Cape Town, ku UK ndi kwina konseko, malo akumudzi ku Zomba sagulidwa pa WhatsApp. Mtima omwe muli nawo ndikuudziwa, munthu watopa ndi lendi ya eni ake, ukufuna kamunda kako cha ku Jali kapena ku Kachulu, nyumba ya malata, timbuzi, mpunga wa faya wodya chaka chonse osagula. Maganizowo ngabwino ndipo ine ndikadali nawo. Koma kuli anthu omwe ntchito yawo nkudikira ifeyo akunja basi, ndipo mmodzi mwa iwo anandidyera ndalama yomwe ndinaipeza ndikuchezera pa geti usiku mu June kukuzizira.

Mkuluyu ankadzitcha ejenti wa malo. Kulankhula kwake kofatsa, mawu aliwonse "bwana", mmawa uliwonse moni asanayambe za bizinesi. Ananditumizira vidiyo akuyenda mmalire mwa munda, apa mtengo wa mango, apo chulu, uko kamtsinje, mwini wake ali pambali akugwedeza mutu, bambo wachikulire ndithu wooneka waulemu wake. Kenako chithunzi cha kalata yolembedwa pamanja, chidindo cha amfumu chili pansi, mboni zasaina. Nde anayamba kundithamangitsa, akuti kuli munthu wina waku Blantyre akufuna malo omwewo Loweruka, mukachedwa musadzandidandaule. Ndalama inapita yonse.

Nditafika pa holide ndinatenga mmisiri kuti tikayeze fandeshoni. Chingwe tisanamalize nkukoka komwe anatulukira mayi wina wokalamba ndi mchimwene wake, sanakalipe ayi, mayiyo anangoyala chitenje nkukhala pansi pakati pa munda. Mchimwene wakeyo ndamene analankhula. Anati mundawu ngwa mbumba yathu, anatisiyira amayi athu, amene wakugulitsaniyo ndi mkamwini, pamudzi pano anabwera ndi chikwama chokha. Ku bwalo anyakwawa anaiyang'ana kalata ija nkunena kuti chidindocho sichawo, ncha mfumu ya mudzi wina kutsidya kwa mtsinje yomwe ilibe mphamvu iliyonse pa malowo. Mkamwini uja anali atasamuka kale banja litatha. Foni ya ejenti osapezekanso mpaka lero lino.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zomwe ndinakumana nazo ku ofesi ina mtauni komwe ndinakadandaula. Bwerani mawa. Abwana ali ku msonkhano. Amene amasunga mafailo wapita kumaliro. Pakhomo pali dobadoba akukunong'oneza kuti mukangopereka ya fanta zinthu ziyenda, ndipo onse akudziwa kuti iwe masiku ako ngowerengeka, basi yobwerera ku Joni unalipira kale, ukapitiriza kukhala ntchito ikutha. Amangokutopetsa dala mpaka unyamuke. Ndinanyamukadi, mmanja muli kalata yopanda ntchito.

Nde mvetsetsani ichi, makamaka inu achimwene ochokera kumpoto kapena amene munakulira mtauni. Midzi yambiri ya ku Zomba, kaya ndi kwa a Mwambo, a Chikowi, a Kuntumanji kapena a Mlumbe, Ayao, Alomwe ndi Anyanja omwe amatsata chikamwini. Munda umayenda kuchikazi. Mwamuna olo aulime zaka zingati, siwake. Amene mukuyenera kukhala naye pansi ndi mayi mwini munda, abale ake achikazi ndi mwinimbumba, malume uja, onse pamodzi masana dzuwa likuswa mtengo, anyakwawa a mudzi omwewo alipo, oyandikana nawo malire alipo. Mmodzi yekha akasowa, imani kaye. Akakuuzani kuti malume ali ku Mozambique koma avomera pa foni, musapereke olo 1 tambala.

Za mapepala nzachidule: lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti oona za malo mmidzi, funsani kwa agulupu ngati ilipo, kenako kwa a T/A ndi ku khonsolo, mupeze saveya aike mabikoni, dzina pa pepala lililonse likhale lanu osati la mlamu. Ngati munatenga pasipoti ya dziko lina, unzika wa mayiko awiri unaloledwa mu 2019, konzani zimenezo kaye chifukwa mlendo pa nkhani za malo amavutika.

Chinanso, malo musakaone mu Ogasiti. Nthawi imeneyo paliponse mpokongola, pouma, galimoto ikufika mpaka pakhomo. Pitani mu Febuluwale. Chigwa cha nyanja ya Chilwa nchathyathyathya, madzi a Likangala ndi Domasi akatsika kuphiri alibe kothawira chifukwa nyanjayo ilibe mtsinje otulutsa madzi, ndipo dothi la makande likanyowa limamata, likauma limang'ambika nkung'amba khoma la nyumba yomwe. Funsani agogo apamudzipo kuti madzi a Freddy mu Malichi 2023 anafika pati, akulozerani pa mtengo. Komanso musamange chiyembekezo chanu chonse pa matemba ndi makumba, nyanja imeneyi inaumapo mu 1968 ndi 1995, mu 2018 inaphweranso kwambiri mabwato nkukhala pa matope ku Kachulu. Amene akukuuzani kuti gulani bwato muzingolandira ndalama muli kunja sakukufunirani zabwino.

Maganizo anga ndi akuti chitani kaye lendi munda chaka chimodzi. Limani mpunga kapena chimanga ndi nandolo, muone amene mwamusiyira ngati feteleza akufikadi mmunda kapena akuthera pa msika wa Jali. Mukaona matumba okolola ndi maso anu, mwadziwa dothi, mwadziwa anthu, mwadziwanso mbale wanuyo. Ndipo chonde lekani kutumiza ndalama yambiri kuti azikusungirani mu makwacha! Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasungitsa ya malata anapeza yaperewera. Tumizani pang'onopang'ono, simenti igulidwe sabata yomweyo, lisiti mulione, mmisiri alipidwe akamaliza gawo osati asanayambe.

Kayendedwe mukukadziwa kale, basi kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, kapena ndege ku Chileka, kenako minibasi ku Limbe pa M3 makilomita ngati 65 mwafika. Vuto limayamba mukasiya tala. Kuseri kwa phiri ku Chingale kapena mmidzi ya mkati mwa Mayaka nthawi yamvula ndi kabaza wa njinga yamoto basi, nde ganizirani za tsiku lomwe mwana watentha thupi ndi malungo pakati pa usiku, chipatala chili kutali bwanji, mlatho ulipo kapena mumaoloka pansi. Mjigo uli pati. Netiweki imagwira pakhomo kapena mpaka ukwere pa chulu. Magetsi musawerengere, gulani sola yanu.

Ndipo mukakhazikika musakhale ngati mlendo wa ku hotela. Maliro akachitika pitani, kumanda kakumbeni nawo, za chitukuko sonkhani, amfumu kawaoneni musanakhale ndi vuto. Munthu womanga mpanda wautali nkumangodutsa anthu pa galimoto osapereka moni, tsiku lomwe malire ake asunthidwa palibe amene amaimirira pa bwalo kumuchitira umboni. Ngati simungathe kubwera nokha chaka chino, ndalamayo isungeni komweko mu ma rand kapena mapaundi mpaka mudzapeze tchuthi chokwanira kuyenda mmalire ndi mapazi anu, eni mbumba ali kutsogolo.