Kuthirira filimu yakale nthabwala: kusankha, kulemba ndi kujambula

Amene anakhalapo m'nyumba yoonetsera kanema pa msika amadziwa kuti munthu mmodzi wa pakamwa pakuthwa atha kugwetsa chipinda chonse ndi phwete pongoyankha zimene wanena wa mu filimu. Ku America mchitidwe umenewu anausandutsa ntchito, ndipo amautcha riffing. Amene anautchukitsa ndi Joel Hodgson, kudzera m'pulogalamu ya Mystery Science Theater 3000 imene inayamba pa 24 November 1988 pa siteshoni yaing'ono ya KTMA ku Minneapolis. Munthu mmodzi ndi zidole ziwiri za maloboti amakhala pa mzere wa mipando m'munsi mwa kanema, akuoneka ngati zithunzithunzi zakuda, n'kumayankha filimu yoipa kuyambira poyamba mpaka pothera.

Izi n'zosiyana ndi ntchito ya anyamata otanthauzira mafilimu m'Chichewa amene tinawazolowera. Wotanthauzira amalowa m'malo mwa mawu a filimu. Wothirira nthabwala amaisiya filimu ilankhule, iye n'kuyankha pamene yakhala chete. Luso lonse lagona pa mipata imeneyo, ndipo zambiri zimene zili m'munsimu n'zokhudza kuipeza, kuiyeza ndi kuilemekeza.

Kusankha filimu

Yambani ndi funso la umwini, chifukwa ndi limene lingagwetse ntchito ya mwezi wathunthu tsiku limodzi. Ku United States filimu imakhala ya aliyense pakadutsa zaka 95 chiitulutsireni. Zina zinamasuka msanga pa zifukwa ziwiri: eni ake sanalembetsenso umwini patatha zaka 28, monga lamulo linkafunira pa zotulutsidwa chisanafike chaka cha 1964, kapena anaiwala kuika chizindikiro cha umwini pa filimuyo. Night of the Living Dead ya George Romero, ya 1968, inamasuka m'njira yachiwiriyi: ogawa filimu posintha dzina lake anasiya chizindikirocho. Koma samalani, filimu itha kumasuka pamene nyimbo zake kapena nkhani imene anaitengera zikadali ndi eni. Zinatero ndi It's a Wonderful Life ya 1946. Umwini wa filimuyo unatha mu 1974, koma mu 1993 kampani ya Republic Pictures inaigwiranso kudzera ku nyimbo ndi nkhani yoyambirira. Komanso kumasuka ku America sikutanthauza kumasuka paliponse. Ngati mufuna kugulitsa kapena kuonetsa kwa anthu olipira m'Malawi muno, funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, musanayambe.

Malo abwino oyambira ndi Prelinger Archives, nkhokwe ya mafilimu akale imene ili pa webusaiti ya Internet Archive. Muli timafilimu tafupitafupi ta ku America tophunzitsa ana asukulu ukhondo, kavalidwe, kuyendetsa galimoto mosamala ndi zina zotere, tambiri ta m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Onani zimene zalembedwa za umwini pa tsamba la kafilimu kalikonse, ndipo sankhani ka mphindi 10 mpaka 15. Filimu ya ola ndi theka idzakutopetsani musanaphunzire kanthu.

Si filimu yoipa iliyonse imene imalola kuthiriridwa. Yabwino ndi imene opanga ake anaipanga ndi mtima wonse koma inawakanika: chilombo cha chovala cha labala, wasayansi wolongosola zopanda mutu ndi nkhope yokwinya, munthu woyenda kuchoka pa galimoto kukafika pa khomo kamera ikumutsata sitepe iliyonse. Yanthabwala kale ipeweni, chifukwa nthabwala ziwiri zikakumana zimaphana. Pewaninso ya anthu olankhula mosapuma, ndi ya mawu osamveka bwino, poti omvera akapanda kumva chimene mukuyankha, yankho lanu lilibe poima. Mafilimu ena a nthawi imeneyo ali ndi tsankho loonekeratu pa anthu akuda ndi mitundu ina. Amenewo ndi bwino kungowasiya. Nthabwala siichotsa kuwawa kwa chithunzi choterocho.

Kuyeza mipata

Onerani filimu yonse kamodzi osalemba kalikonse, kuti mudziwe nkhani, mayina a anthu ndi zinthu zimene zikubwerezedwa. Ulendo wachiwiri ndi wa ntchito yotopetsa koma yofunika kuposa zonse. Tsegulani filimu mu VLC, pulogalamu yoonerera mafilimu pa kompyuta, konzani tebulo la mizati isanu mu Excel kapena m'kope, ndipo lembani: nthawi imene mpata wayamba, utali wake m'masekondi, chimene chikuoneka kapena mawu omaliza amene anenedwa, nthabwala, ndi dzina la woinena. Ulendo uno dzazani mizati itatu yoyamba yokha. Mu VLC batani la E limayendetsa filimu chithunzi chimodzichimodzi, ndipo Shift pamodzi ndi muvi wa kumanzere imakubwezani masekondi atatu.

Mzere umodzi umaoneka chonchi: 04:12, masekondi 6, bambo wa suti akuimika galimoto pa bwalo lopanda galimoto ina. Wina: 04:31, masekondi 2, mayi wanena kuti chilichonse chili bwino, kenaka wayang'ana pa zenera.

Mpata wosakwana masekondi awiri umangolola mawu amodzi kapena awiri, kapena kaphokoso monga kutsokomola. Wa masekondi atatu kapena anayi ndiye wabwino kwambiri. Kumbukirani kuti mawu a Chichewa ndi aatali: "sanandiuzeko" ndi liwu limodzi koma likudya pafupifupi sekondi yonse. Choncho musawerenge mawu pa pepala. Nenani mzerewo mokweza filimu ikuyenda, ndipo ukapanda kutha theka la sekondi munthu wa mu filimu asanayambenso kulankhula, udulani.

Kulemba

Gulu la anthu atatu limakwanira. Awiri amatha msanga nzeru, asanu amalimbirana mipata. Aliyense atenge tebulo lomwelo n'kukalemba yekha, chifukwa mukalembera pamodzi kuyambira pachiyambi, wa mawu okweza ndi amene amapambana ngakhale nthabwala yake ili yofooka. Pa kafilimu ka mphindi 10 yembekezerani maola atatu kapena anayi munthu aliyense. Kenaka kumanani, yendetsani filimu mpata umodziumodzi, aliyense anene yake, musankhe imodzi. Imene yaseketsa awiri enawo nthawi yomweyo ndi imene ilowe. Imene yafuna kuti mwini wake aifotokoze yagwa kale.

Nthabwala zolimba zimachokera pa chimene omvera akuchiona ndi maso awo pa sekondi yomweyo. Bambo uja akulimbana ndi chiwongolero pa bwalo lopanda kanthu, wina anganene modekha kuti, "Achimwene, bwalo lonseli ndi lanu, ingoimani." Chilombo chikatembenuka zipi n'kuonekera pa msana: "Atelala asoka bwino, koma zipi aiwala kubisa." Njira ina ndi kumulankhulira munthu amene wangokhala duu, ngati mukunena za mu mtima mwake. Ina ndi kumalizitsa chiganizo chimene wa mu filimu wachisiya panjira. Ina ndi kuyankha wofotokoza nkhani wa m'timafilimu tophunzitsa tija, amene amakonda kufunsa mafunso ngati mphunzitsi wa Sitandade 3. Iyeyu ndi mphatso kwa wolemba, chifukwa akafunsa amasiya yekha mpata wa yankho.

Sinthasinthani mitundu imeneyi. Nthabwala zisanu zotsatizana zoyamba ndi "ameneyu akufanana ndi" zimatopetsa khutu. Yobwerezabwereza, monga kumutcha munthu wina dzina limodzi nthawi zonse akatulukira, imakoma katatu kapena kanayi m'kafilimu kafupi, ndipo ulendo womaliza uzikhala ndi kakusintha. Pa mphindi imodzi nthabwala zitatu mpaka zisanu n'zokwanira. Mipata ina isiyeni dala, makamaka pambuyo pa nthabwala yamphamvu, chifukwa anthu akamaseka samva yotsatirayo ndipo mwaitaya chabe.

Filimu ndi ya ku America, koma omvera anu ndi a kuno, ndiye fanizo litengeni kumene iwo akudziwa: kondakitala wa minibasi, mzere wa pa chigayo, mlaliki wa m'basi ya usiku. Dzina la munthu wotchuka ku America wa m'ma 1950 silidzaseketsa aliyense ku Zomba. Za ndale za sabata ino zipeweni pa chifukwa china: pakatha miyezi itatu zimakhala zitazilala, pamene zipi ya chilombo idzaseketsabe zaka zikubwerazi. Ndipo sekani zimene anthu a mu filimu akuchita, osati matupi awo, chilema kapena mtundu wawo. Omvera amamva msanga ngati woyankha akuikonda filimuyo kapena akungoinyoza, ndipo wonyoza amamutopa pasanathe mphindi zisanu.

Kujambula mawu

Chipinda chimaposa maikolofoni kufunika. Cha makoma a simenti opanda kanthu chimabweza mawu, ndipo kubwezako sikuchoka pa kompyuta. Jambulirani m'chipinda chogona momwe muli matiresi, makatani ndi zovala, kapena pachikani mabulangete kumbuyo ndi m'mbali mwa olankhula. Zimitsani fani ndi firiji. Nyumba ikakhala ya malata opanda siling'i, tsiku la mvula musajambule. Tchajani laputopu idzaze musanayambe kuti magetsi akazima ntchito isaduke.

Maikolofoni ya USB imakwanira, ngakhale foni yabwino itha kugwira ntchitoyi. Pakamwa pakhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa maikolofoni, mopendekera pang'ono kumbali kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamenye mwachindunji. Aliyense amvere filimu m'mahedifoni. Ikamveka pa sipika imalowa m'maikolofoni, ndipo posakaniza mawu a filimu amamveka kawiri ngati muli m'phanga.

Mu Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira ndi kukonzera mawu, ikani 48000 Hz, poti ndi muyezo wa mawu a kanema. Lowetsani mawu a filimu ngati mzere woyamba, ndipo jambulani anu pa mzere wachiwiri. Yesani kaye ndi mzere umene mudzaunene mokweza kwambiri, muone kuti mita ikufika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ikagunda 0 mawu amang'ambika ndipo sakonzeka. Poyamba penipeni jambulani masekondi 10 muli chete. Kachigawo kameneka ndi kamene mudzapatse Noise Reduction, chida cha mu Audacity chochotsera phokoso, kuti idziwe phokoso la chipinda, koma musaikhwimitse kwambiri, chifukwa mawu amayamba kumveka ngati a m'madzi.

Jambulani m'zigawo za mphindi zitatu kapena zinayi. Wina akaphonya, bwerezani mzere wokhawo n'kuukokera pamalo pake. Nenani ngati mwangoganiza kumene, ndi mawu a munthu amene wakhala pa mpando woyandikana ndi womvera. Mawu a wolengeza pa wailesi amapha nthabwala. Mnzanu akaseka moona pang'ono, kusekako kusiyeni, koma kodzikakamiza kuchotseni.

Kusakaniza ndi vuto la kutsetsereka

Mawu a filimu ayenera kutsika pang'ono pamene mukulankhula. Audacity ili ndi Auto Duck yochitira zimenezi: mzere wa mawu anu ukhale pansi penipeni pa mzere wa filimu, sankhani wa filimuwo, kenaka yendetsani. Imayambira pa -12 dB, koma poti mukulankhula m'mipata, -6 mpaka -9 dB nthawi zambiri imakwana. Mukatsitsa kwambiri, nyimbo za filimu zimamveka zikumira ndi kuvuuka mzere uliwonse. Mukatha mverani pa sipika ya foni, poti ambiri adzamvera pomwepo.

Cholakwika chimene chimazunguza oyamba kumene ndi ichi: poyamba zonse zikugwirizana, koma pofika pakati nthabwala zikubwera mochedwa. Gwero lake kawirikawiri ndi liwiro la zithunzi. Filimu ya m'sinema imayenda zithunzi 24 pa sekondi, pamene makope a PAL, muyezo umene TV ya kuno ndi ya ku Britain inatengera, amayenda 25. Kusiyanako ndi magawo 4 pa 100 alionse, kutanthauza masekondi pafupifupi awiri ndi theka pa mphindi iliyonse. Filimu ya mphindi 90 imatha pa mphindi 86 ndi masekondi 24. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito fayilo imodzi yomweyo kuyambira poyeza mipata mpaka posakaniza, ndi kuonetsetsa kuti pulojekiti ya mu pulogalamu yokonzera kanema, monga Shotcut kapena Kdenlive, ili pa liwiro lofanana ndi la fayiloyo. Ngati kuchedwako kuli kofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, vuto si liwiro. Mzere wangosuntha, ndipo mungoukokera pamalo pake.

Kutulutsa

Filimu ikakhala yomasuka, phatikizani mawu ndi chithunzi n'kutulutsa fayilo imodzi. Sungani umboni wa kumasuka kwake, chifukwa Content ID, njira imene YouTube imazindikirira zinthu za eni ake, nthawi zina imagwira ngakhale filimu ya aliyense, ndipo potsutsa mudzafunika kulemba chaka ndi chifukwa chake.

Ikakhala ndi eni, njira ndi imene kampani ya RiffTrax inayamba nayo mu 2006, pamene Michael J. Nelson, amene analowa m'malo mwa Hodgson m'pulogalamu ija mu 1993, anayamba kugulitsa mawu okha kuti munthu aziwayendetsa pamodzi ndi DVD yake. Posakhalitsa anagwirizana ndi anzake akale Kevin Murphy ndi Bill Corbett. Mukatsata njira imeneyi, m'fayilo yanu musalowe mawu kapena nyimbo za filimu ngakhale pang'ono. Uzani womvera poyambira momveka: aimitse mawu anu akamva belu, ayendetse filimu, ndipo awayambitsenso chizindikiro cha kampani chikangozimiririka. Nenani utali weniweni wa kope limene munagwiritsa ntchito, kuti wa kope la PAL adziwiretu. A RiffTrax anaikamo liwu lapadera limene nthawi ndi nthawi limanena mzere wa mu filimu pa nthawi yomwe wosewera akuunena, kuti womvera adziwe ngati watsogola kapena watsalira. Chitani chimodzimodzi mphindi 10 zilizonse, ndi liwu losiyana ndi la oseketsa.

Musanatulutse, onetsani anthu anayi kapena asanu amene sanaone zolemba zanu. Khalani kumbuyo kwawo ndi tebulo lija, ndipo chongani mzere uliwonse umene waseketsa. Pamene padutsa mphindi yathunthu popanda chongi, lembaninso. Pamene wina wafunsa kuti "wati chiyani uyu?", bwererani ku mpatawo ndi wotchi, chifukwa kawirikawiri mzere wanu waponda mawu a filimu, ndipo kudula mawu awiri kapena kuusuntha theka la sekondi kumakonza.