Momwe Mungalimire ndi Kusamalira Chitsamba cha Tiyi wa Honeybush

Honeybush ndi chitsamba cha ku South Africa chomwe masamba ndi timitengo take amapangira tiyi wofiirira, wotsekemera pang'ono mwachibadwa komanso wopanda caffeine. Chimamera chokha m'zigawo ziwiri za dzikolo, Western Cape ndi Eastern Cape, m'tchire lotchedwa fynbos, ndipo kunja kwa zigawozi sichipezeka m'tchire lina lililonse padziko lapansi. Ngakhale chimapereka tiyi, chilibe chibale ndi tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje. Ndi cha banja limodzi ndi nyemba, nandolo ndi soya, ndipo mukachiona cha mu Sepitembala chitachita maluwa achikasu onunkhira uchi, kenaka n'kubereka timakoko ta njere, simungakayike za mtundu wake. Akatswiri a zomera amachitcha Cyclopia, ndipo mitundu yake ndi yoposa 20.

Kwa zaka zambiri anthu ankangochidula m'mapiri. Ntchito yochilima m'munda inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene Dr Hannes de Lange wa ku Kirstenbosch, munda wosungira ndi kufufuzira zomera ku Cape Town, anayamba kufufuza njira zochulukitsira mbewu yake, ndipo bungwe la Agricultural Research Council ku Stellenbosch linachita kafukufuku wa kalimidwe ndi kakonzedwe ka tiyiyu. Mpaka lero tiyi wambiri wogulitsidwa amachokerabe m'tchire, makamaka m'mapiri a Langkloof ndi Kouga, n'chifukwa chake alimi akulimbikitsidwa kudzala m'minda kuti tchire lipumeko. Malangizo otsatirawa ndi opita kwa munthu amene ali m'dera la Cape, kaya ali ndi malo akeake kapena akugwira ntchito pa famu monga achitira Amalawi ambiri kumeneko, chifukwa chitsambachi chinazolowera mvula yogwa m'miyezi yozizira kapena yogwa pang'onopang'ono chaka chonse.

Yambani ndi kusankha mtundu woyenera malo anu

Apa ndi pamene pagona ulimi wonse wa honeybush, ndipo mlimi wothamangira kugula njere asanadziwe mtundu wake amadzalira pokolola. Cyclopia subternata, yomwe alimi amaitcha vleitee, imakonda malo achinyezi monga a ku Tsitsikamma ndi m'munsi mwa mapiri a Outeniqua, ndipo imakula msanga. Cyclopia genistoides, kapena kuti kustee, ili ndi masamba opyapyala kwambiri ndipo imachita bwino m'dothi la mchenga la kufupi ndi nyanja, monga ku Overberg. Cyclopia intermedia, yotchedwa bergtee, ndi ya m'mapiri a miyala. Ndiyo imadulidwa kwambiri m'tchire, koma m'munda imakula pang'onopang'ono moti si yoyambira nayo munthu amene akufuna kuona phindu msanga. Palinso Cyclopia longifolia ya ku Van Stadens kufupi ndi Gqeberha, yomwe m'tchire inatsala pang'ono kutheratu koma m'munda imakula mwamphamvu.

Mitunduyi imasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi mmene imapulumukira moto wa m'tchire. Kustee ndi bergtee zili ndi chitsa chachikulu pansi pa nthaka, ndipo moto ukapsereza nthambi zonse, chitsacho chimatulutsa mphukira zatsopano. Vleitee ilibe chitsa chotere. Ikapsa imaferatu, ndipo mtundu wake umapitirira kudzera m'njere zomwe zinagwa pansi kale. Kusiyana kumeneku ndiko kudzakuuzeni podula nthambi pa nthawi yokolola, choncho lembani dzina la mtundu womwe mwadzala ndipo musasakanize mitundu m'chigawo chimodzi cha munda.

Musadzale mtundu wochokera kutali pafupi ndi honeybush wa m'tchire. Maluwa ake amayenderedwa ndi njuchi zazikulu zoboola mitengo, ndipo njuchizi zikhoza kusakaniza mungu wa m'munda ndi wa m'tchire mpaka kusokoneza mtundu wachilengedwe wa deralo. Dziwaninso kuti kuswa mphanje m'tchire la fynbos lomwe silinalimidwepo kumafuna chilolezo cha boma, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito malo omwe analimidwapo kale.

Yezetsani nthaka musanaithire kanthu

Honeybush amafuna dothi la asidi, lomwe pH yake (muyeso wa asidi m'nthaka) ili pafupifupi 5 kapena kucheperapo, lotaya madzi msanga komanso lopanda chonde chambiri. Izi zimadabwitsa alimi ozolowera mbewu zina, koma zomera za fynbos zinazolowera nthaka yosauka, makamaka yosowa mchere wa fosiforasi, moti feteleza wambiri amazivulaza m'malo mozithandiza. Musathire laimu, musathire manyowa a nkhuku, ndipo musagwiritse ntchito feteleza wa fosiforasi pokhapokha zotsatira za kuyeza nthaka zitasonyeza kuti n'kofunika. Munda womwe kale munali zipatso kapena masamba ndipo unkathiridwa feteleza chaka ndi chaka ukhoza kukhala ndi fosiforasi wochuluka, ndiye ndi wofunika kuuyezetsa koyambirira. Ngati madzi amadikha pamalopo mvula ikagwa, kwezani mizere kuti mizu isakhale m'matope.

Konzani njere ndi kufesa pa nazale

Makoko a honeybush akauma amathetheka n'kumwaza njere kutali, ndipo zomwe zagwa pansi nyerere zimazitutira kuuna kwake chifukwa njere iliyonse ili ndi kachotupa koyera komwe nyererezo zimadya. Ngati mukutolera nokha njere m'munda mwanu, thyolani makoko atayamba kuda koma asanathetheke, ndipo muwaumitse m'thumba la pepala kapena la nsalu kuti akathetheka njere zitsalire momwemo.

Njerezi zili ndi khungu lolimba losalowa madzi, choncho mukazifesa mmene zilili zimamera zochepa chabe. Anazale akuluakulu amafewetsa khungulo ndi asidi wamphamvu wa sulphuric, koma mankhwalawa ndi oopsa ndipo si oyenera kugwiritsa ntchito pakhomo. Njira yabwino kwa mlimi wamng'ono ndi kukwecha njere pa sandipepa mpaka khungu litaonetsa kachipsera kotuwa, osafika pa mtima wa njereyo. Mukatero zinyikeni m'madzi usiku wonse, ndipo ngati mungapeze madzi a utsi omwe amagulitsidwira njere za fynbos, gwiritsani ntchito amenewo. M'mawa mudzaona kuti njere zomwe zakwecheka bwino zafufuma, pamene zina zikadali zazing'ono ndi zolimba, zolimbazo muzikwechenso.

Fesani m'matileyi kapena m'machubu akuya, m'dothi la mchenga wosakaniza ndi makungwa a paini owola bwino, ndipo njere zikwiriridwe pang'ono chabe. Ntchitoyi ichitike m'miyezi yotentha kuti mbande zikhale zitakula pofika nthawi ya mvula. Thirirani mosapitirira, chifukwa mdani wamkulu wa mbande pa nazale ndi matenda owoletsa tsinde m'munsi, omwe amafala msanga m'dothi lonyowa nthawi zonse. Matileyi akhale pamwamba, osati pansi pa dothi, ndipo mphepo izidutsa bwino.

Pali chinthu china chomwe sichiyenera kuiwalika. Mofanana ndi soya, honeybush amadzipangira nayitirojeni kudzera m'tizilombo tokhala m'timatuza ta kumizu, koma tizilombo take ndi ta mtundu wina, moti mankhwala opaka njere za soya sangathandize pano. Funsani kwa ogulitsa mbande za honeybush kapena kwa alangizi za mankhwala oyenera Cyclopia. Musanawokere, zulani mbande imodzi kapena ziwiri n'kuyang'ana mizu yake. Ngati pali timatuza tomwe mukatiphwanya mkati muli mofiirira, ndiye kuti tizilomboto tikugwira ntchito, koma ngati mizu ili yosalala ndipo masamba akuoneka achikasu, mbandezo zidzavutika m'munda.

Honeybush amachulukitsidwanso ndi nthambi zodula kunsonga, zomwe zimapakidwa mankhwala otulutsa mizu n'kuikidwa pamalo opopera madzi ngati nkhungu. Njirayi imapereka zitsamba zofanana, koma imafuna zipangizo, ndipo woyamba kumene angachite bwino kugula mbande zotere kwa anazale odziwika.

Kuwokera ndi kusamalira m'munda

Wokerani mvula yeniyeni ikayamba, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kuti mizu izike dzuwa la chilimwe cha ku Cape lisanafike. Masiku angapo musanawokere, chotsani mbande pamthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti zikhwime. Alimi ambiri amadzala zitsamba pakati pa 8,000 ndi 10,000 pa hekitala, m'mizere yosiya mpata woti munthu adutse popalira ndi pokolola. Potulutsa mbande m'chubu musagwedeze dothi la kumizu, musapinde muzu waukulu, ndipo musakwirire tsinde kuposa mmene linalili pa nazale.

Chaka choyamba ndicho chovuta. Mbande zimafuna madzi m'miyezi youma, ndipo mapaipi odontheza madzi patsinde ndi abwino kuposa owaza pamwamba, koma thirirani dothi likayamba kuuma, osati tsiku lililonse. Madzi ochuluka m'nthaka yotentha amaitana Phytophthora, matenda owoletsa mizu omwe amafotetsa chitsamba chonse mwadzidzidzi ngakhale dothi lili lonyowa. Chitsamba chotere chizuleni n'kuchichotsa m'munda, ndipo tsukani khasu musanaligwiritse ntchito pa mzere wina.

Udzu umapambana mbande mosavuta, choncho zulani ndi manja pafupi ndi tsinde m'malo motipula ndi khasu, pakuti mizu ya honeybush siifuna kusokonezedwa. Kuphimbira nthaka ndi tizidutswa ta mitengo kumachepetsa udzu ndi kusunga chinyezi. Mbande zikagwira bwino, tsinani nsonga zake kuti zichite nthambi zambiri m'munsi, chifukwa chitsamba chongotalika ndi tsinde limodzi chimapereka masamba ochepa ndipo mphepo imachigwetsa. Pomaliza, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira munda, makamaka ngati mwadzala vleitee.

Kukolola

Vleitee imayamba kukololedwa ikatha pafupifupi zaka ziwiri, pamene kustee imafuna kudikirira pang'ono kuti chitsa chake chikhwime. Kale anthu ankadula zitsamba zili ndi maluwa, koma alimi ambiri masiku ano amakolola m'chilimwe mpaka kumayambiriro kwa nyengo yozizira, kuti chitsamba chipeze mvula yophukirira.

Kustee ndi bergtee muzidule m'munsi, kufupi ndi nthaka, chifukwa mphukira zatsopano zimachokera ku chitsa, ndipo mukasiya timitengo tatitali timangouma n'kumakulasani pa kukolola kotsatira. Vleitee isadulidwe choncho ngakhale pang'ono. Iduleni cha m'mawondo, pa msinkhu wa masentimita 30 mpaka 50, ndipo onetsetsani kuti pansi pa podulapo patsala nthambi za masamba obiriwira. Wantchito amene anazolowera kudula bergtee m'phiri akhoza kupha mzere wathunthu wa vleitee m'mawa umodzi, choncho muonetseni podula asanayambe. Gwiritsani ntchito chikwakwa chakuthwa kapena sizasi yodulira mitengo kuti tsinde lisang'ambike. Ngakhale muidule bwino, vleitee imakalamba pakatha zaka zingapo ndipo imafunika kudzalanso, pamene kustee imakhalitsa.

Amene akufuna kudula m'tchire kapena kugulitsa zokolola afunse za ziphaso ku bungwe loona zachilengedwe la CapeNature ngati ali ku Western Cape, kapena ku dipatimenti yoona zachilengedwe ya Eastern Cape. Bergtee wa m'tchire sadulidwa chaka chilichonse. Amafuna zaka zingapo kuti aphukire, achite maluwa ndi kugwetsa njere.

Kukonza tiyi

Nthambi zodulidwa zisakhale pamulu nthawi yaitali chifukwa zimatentha zokha n'kuyamba chuku. Ziduleni tizidutswa ting'onoting'ono, masamba ndi timitengo pamodzi, kenaka muziwaze madzi kuti zinyowe mofanana. Fungo ndi mtundu wofiirira wa tiyi zimabwera pomufunditsa pa kutentha kwakukulu. M'mafakitale amamuika m'migolo yachitsulo yozungulira pa madigiri 80 mpaka 90 kwa maola 16 mpaka 24, kapena pa madigiri 70 kwa maola pafupifupi 60. Kale ankamuunjika pamulu n'kufunditsa masaka, kapena kumuika mu uvuni wa buledi wotenthetsedwa kale, koma pa mulu kutentha sikufika ponse mofanana ndipo m'mbali mumachita chuku. Tiyi wofunditsidwa mokwanira amakhala wofiirira moderapo ndipo amanunkhira motsekemera, pamene wosakwanira amanunkha udzu.

Akafika pamenepo, muyanikeni mopyapyala pa thandala padzuwa mpaka timitengo tizithyoka mukatipinda, kenaka musefeni kuti wosalala apite payekha ndi wokhakhala payekha, ndipo musungeni m'matumba otseka bwino pamalo ouma. Mlimi amene alibe zipangizo zofunditsira amagulitsa nthambi zaziwisi kwa eni mafakitale, omwe amagula poyeza kulemera kwake. Ngati mwasankha njira imeneyi, gwirizanani ndi wogula za tsiku ndi kuchuluka kwake musanayambe kudula, ndipo bungwe la South African Honeybush Tea Association likhoza kukulozerani mafakitale omwe ali kufupi ndi dera lanu.